Mbiri ya Bambo William Percival Johnson, Mtumwi wa Nyanja

Chaka ndi chaka pa 11 Okutobala Mpingo ukumbukira Bambo William Percival Johnson, wansembe amene anayenda pa nyanja yathu ino zaka zoposa makumi anai. Ambiri a ife tamva dzina lawo kwa agogo athu, koma oidziwa bwino mbiri yawo ndi owerengeka. Chifukwa chake tayesa kuti nkwabwino kuilemba m'kalata ya mwezi uno, kuti muiwerenge m'nyumba zanu, muwerengerenso iwo amene maso awo atopa.

Ife a kunyanja tidziwa kuti masautso ali a mitundu iwiri. Ena tidziputira tokha, monga munthu wopalasa bwato lobooka atachenjezedwa ndi anzake. Koma ena afika osaitanidwa, ndipo palibe nzeru yowapewera. Mwera ukuntha usiku nutenga asodzi amene sanalakwe kanthu. Malungo alowa m'nyumba ya mayi wosamala bwino ana ake. Nyanja idzala nimiza minda ya anthu akhama. Pa nthawi zotere Mkhristu aima pa mphambano. Ena athamangira kukaombeza kuti apeze wowalodza, ena aleka kupemphera nati Mulungu wawataya. Moyo wa Bambo Johnson utionetsa njira ina, pakuti masautso osapeweka anawagwera kasanu konse, ndipo nthawi zonse anadzuka nagwira ntchito ndi chimene chinawatsalira.

Tiyambe tachotsa chisokonezo chimodzi. Bambo Johnson si Harry Johnston, mkulu wa Boma uja amene dzina lake linapatsidwa kwa Fort Johnston, mudzi umene tsopano tiutcha Mangochi. Maina afanana, koma anthu ndi awiri, ndi ntchito zawo zinali zosiyana.

Kubadwa ndi kuitanidwa kwawo

Bambo Johnson anabadwa pa 12 Malichi 1854 ku St Helens, pa chilumba cha Wight ku England. Anaphunzira ku Bedford, napitirira ku sukulu yaikulu ya Oxford. Anali mnyamata wamphamvu, katswiri wopalasa bwato pa mipikisano, ndiponso anali atapambana mayeso olowera ntchito ya Boma ku India, ntchito ya ulemu ndi malipiro ambiri. Koma masiku omwewo Bishopu Edward Steere wa ku Zanzibar anapempha anyamata kuti adze kudzathandiza Mishoni ya UMCA. Bambo Johnson anasiya za ku India navomera, monga anachitiranso bwenzi lawo la pamtima la kusukulu, Chauncy Maples. Onse awiri anafika ku Africa m'chaka cha 1876.

Mishoni imeneyi inali itayesa kale kukhala m'dziko lathu. Bishopu Mackenzie anamanga ku Magomero mu 1861, koma anamwalira ndi malungo mu 1862, ndipo otsala anasamukira ku Zanzibar mu 1864. Mtima wa Bishopu Steere unali wakuti Mishoni ibwererenso kunyanja podzera kumtunda. Chotero Bambo Johnson, atadzozedwa unsembe mu 1878, anagwira ntchito ku Masasi, mudzi wa akapolo oomboledwa, umene unali ngati chigono pa njira yopita kunyanja.

Sautso loyamba: njala ndi kupirikitsidwa ku Mwembe

Mu 1880 anatumidwa okha ku Mwembe, mudzi waukulu wa mfumu Mataka ya Ayao, m'dziko limene lero lili mu Mozambique. Masiku amenewo Mwembe anali pa njira ya malonda a minyanga ndi akapolo. Bambo Johnson anakhala pakati pa osauka a m'mudzimo, naphunzira Chiyao, nayamba kasukulu kakang'ono. Chakudya chinasowa, thupi lawo linaonda, ndi m'manja mwawo munabuka zilonda. Atafooka kwambiri anayenda pansi kufikira kuno kumwera kwa nyanja, nafika ku Cape Maclear, kumene kunali Mishoni ya Livingstonia.

Kumeneko anapeza Dotolo Robert Laws, munthu wodziwanso masautso. Mishoni yake inali itakhala pamalopo kuyambira mu 1875, manda a anzake anali atachuluka, ndipo munthu woyamba kubatizidwa, Albert Namalambe, anabatizidwa m'chaka chomwecho cha 1881. Dotolo Laws anali wa mpingo wina, koma sanafunse za mpingo. Anawalandira, nawadyetsa, nawatsuka zilonda kufikira atachira, ndipo ubwenzi wawo unakhala mpaka ukalamba. Apa tiphunzira kuti thandizo la Mulungu kawirikawiri lifika ndi manja a munthu amene sitinamuyembekeze.

Atachira sanafune njira ya kwawo, koma anabwerera ku Mwembe. Posakhalitsa Angerezi anagwira ulendo wina wa akapolo kufupi ndi nyanja ya mchere, ndipo eni ulendowo anaganiza kuti wawaulula ndi mzungu wa ku Mwembe. Nyumba yawo inafunkhidwa, katundu yense anatengedwa, ndi ntchito ya ku Mwembe inathera pomwepo mu 1881. Anabwerera ku Zanzibar chimanjamanja.

Sautso lachiwiri: manda a ku Chia

Munthu wina akadati: ndayesa, kwakanika. Koma chaka chisanathe Bambo Johnson ananyamukanso, ulendo uno ndi wansembe mnzawo Charles Janson. Anayenda m'nyengo ya mvula, kuoloka mitsinje yodzala, ndipo Bambo Janson anadwala m'njira. Anafika pa gombe la kum'mawa kwa nyanja mu Febuluwale 1882, ndipo patapita masiku owerengeka Bambo Janson anamwalira pafupi ndi mudzi wa Chia. Bambo Johnson anaika mnzawo m'manda, natsalanso okha pakati pa anthu amene anali asanawadziwe.

Zaka ziwiri zotsatira anayenda pansi m'midzi ya m'mbali mwa nyanja. Anapeza anthu okhala mwa mantha, ena atadzitchinga m'malinga, ena atabisala m'mabango ndi m'matanthwe chifukwa cha nkhondo za Angoni ndi ogwira akapolo. Poyenda chomwecho anazindikira chinthu chimene chinakhala maziko a ntchito yawo yonse: kuti midzi yathu yandanda pa gombe ngati mikanda pa chingwe, ndipo msewu wake weniweni ndi nyanja. Mishoni ikadakhala ndi sitima, wansembe mmodzi akadatha kuchezera midzi yambiri mwezi ndi mwezi, nasiya mphunzitsi wa kuno m'mudzi uliwonse. Nzeru imeneyi inabadwa m'masiku a maliro ndi a kusungulumwa.

Sautso lachitatu: khungu

Mu 1884 anapita ku England kukapempha ndalama za sitima, ndipo anthu anapereka. Sitima inapangidwa zidutswazidutswa kuti inyamulike, niitchedwa Charles Janson, dzina la mnzawo wa m'manda a ku Chia. Bambo Johnson anabwera nayo ali okondwa. Koma atafika ku Quelimane, kufupi ndi mathiriro a Zambezi, nthenda yoopsa ya maso inawagwira, ndipo m'masiku ochepa anachita khungu kotheratu. Anali ndi zaka 30 zokha.

Taganizani, abale, kuwawa kwake. Chimene anachivutikira chinali chitapezeka, koma iwo sakadatha kuchiona. Anzawo anapitirira ndi katundu kukwera Zambezi ndi Shire, pamene iwo anatengedwa ndi dzanja kubwerera ku England. Sitima inalumikizidwa pa Matope, kumtunda kwa mathithi a Shire, niiyandama mu 1885, mwini nzeru ali kutali m'chipinda chamdima. Chaka chomwecho Mishoni inakhazikika pa chilumba cha Likoma.

Madotolo anachita opaleshoni, ndipo diso limodzi linayamba kuona pang'ono. Linalo linafa mpaka kalekale. Kuyambira pamenepo, pofuna kuwerenga anayenera kuyandikiza buku pankhope penipeni. Palibe akadawadzudzula akadakhala kwawo. Koma mu 1886 anabwereranso kunyanja, nakwera sitima ija, niikhala nyumba yawo, tchalitchi chawo ndi sukulu yawo.

Apa ndipo pagona mutu wa mbiri yonse. Akulu amati madzi akatayika saoleka. Diso limene linafa silinabwerere, ngakhale anali munthu wa mapemphero. Koma iwo sanakhale pansi kuwerenga chimene chinatayika. Anawerenga chimene chinatsala. Kuwala kwapang'ono kuja anakulandira ngati mphatso, nakugwiritsa ntchito zaka 42. Ndi theka la diso limenelo anatembenuza Mau a Mulungu m'Chinyanja cha kunyanja, akulemba m'kachipinda ka m'sitima mafunde ali kugwedeza, kufikira Baibulo lonse linasindikizidwa mu 1912. Ndipo sukulu yawo yakale ya Oxford inawapatsa ulemu wa udotolo wa maphunziro a za Mulungu mu 1911. Ife amene tili ndi maso awiri, tidzifunse kuti tawerenga masamba angati chaka chino.

Sautso lachinai: manyazi kwa Makanjira

Sautso lotsatira linachitikira m'dera lathu lomwe lino. Mu 1888 Bambo Johnson anapita ndi John Buchanan, amene anali kugwirizira udindo wa kazembe wa Angerezi, kukaonana ndi mfumu Makanjira, imene inali ndi zombo zoolotsa malonda ndi akapolo pa nyanja. Nkhani sizinayende bwino. Anthu a mfumu anawagwira onse awiri, nawavula zovala pamaso pa khamu, nawasunga kufikira ataomboledwa ndi katundu wa m'sitima.

Kwa munthu wamkulu manyazi apweteka koposa mkwapulo. Koma Bambo Johnson sanaleke kuyenda pa gombe la Ayao, kapena kuleka chinenero chawo chimene anachiphunzira ku Mwembe. Nkhondo za Boma ndi mafumu a kuno zinadza pambuyo pake, kuyambira mu 1891 pamene Fort Johnston anamangidwa kufikira mu 1895, ndipo malonda a akapolo anatha. Zitatha izi Mishoni inamanga kwa Mponda ndi ku Malindi, kumene kunadzakhala chipatala cha St Martin ndi malo okonzera sitima. Tisawerenge nkhani iyi kuti tisunge nayo mangawa pa mtundu wina uliwonse. Tchimo la ukapolo linadetsa manja a mitundu yambiri, akuda ndi oyera omwe, ndipo zidzukulu za ogwira ndi za ogwidwa lero zimwa madzi pa dooko limodzi. Mwini manyazi sanasunge chakukhosi. Nanga ife tisungirenji?

Sautso lachisanu: nyanja itenga bwenzi

Mu Juni 1895 Chauncy Maples anadzozedwa ku London kukhala Bishopu wa Likoma. Akhristu a kunyanja anakondwa, pakuti anali kumdziwa ndi kumkonda, ndipo Bambo Johnson anayembekeza kugwira ntchito pansi pa bwenzi lawo la kusukulu. Bishopu anafika ku Fort Johnston, ndipo pofulumira kukafika kwa anthu ake anakwera ngalawa yachitsulo ya matanga yotchedwa Sherriff. Usiku wa pa 2 Seputembala 1895 namondwe anawapeza pafupi ndi Rifu, m'dera la Salima, ndipo ngalawa inagubuduka. Amalinyero a kuno anasambira napulumuka, koma Bishopu Maples ndi mnzake Joseph Williams anamira. Mtembo wa Bishopu unapezeka pambuyo pake, nuikidwa ku Nkhotakota. Sanafike ngakhale pa mpando wake ku Likoma.

Amayi a kwa Mponda, a ku Malindi, a ku Chembe ndi a ku Makanjira, inu amene mwaimapo pa mchenga mbandakucha kuyembekeza bwato losabwera, mudziwa chimene chinali mumtima mwa Bambo Johnson. Nyanja imene anaisankha kukhala msewu wa Uthenga ndiyo inawalanda bwenzi. Ndipo sikunali kulakwa kwa munthu, kapena kulodza kwa mfiti. Unali mwera umene tiudziwa tonse.

Anachita chiyani? Anabwerera pa nyanja yomweyo. Mu 1896 anapatsidwa udindo wa Archdeacon, ndiko kuti wansembe wamkulu wothandiza Bishopu. Akhristu a ku England anasonkha ndalama za sitima yachiwiri, yaikulu kuposa yoyamba, kuti ikhale chikumbutso cha Bishopu womirayo. Inapangidwa ku Glasgow mu 1899, niibwera zidutswa zoposa 3,000, zimene amuna ndi akazi a dziko lino anazisenza pamutu ndi kuzikoka popitirira mathithi a Shire. Panali vuto lina: manambala olembedwa pa zidutswa anafufutika pozikuta ndi mankhwala oletsa dzimbiri, kotero kuti amisiri anavutika zaka ziwiri kupeza chidutswa ndi chinzake. Pomaliza, mu Juni 1901, sitima ya Chauncy Maples inayandama kuno kumwera kwa nyanja. M'kati mwake munali guwa la nsembe, malo ophunzitsira aphunzitsi ndi malo othandizira odwala. Inatumikira Mishoni zaka zambiri. Boma linaitenga pa nkhondo ya 1914 kunyamula asilikali, kenaka linaigula mu 1953, ndipo pambuyo pake inanyamula anthu a paulendo kufikira inakaima ku Monkey Bay.

Onani chodabwitsa: sitima zonse ziwiri za Mishoni zinali ndi maina a akufa. Munthu uyu anatenga maina a anzake awiri amene imfa inamlanda, nawasandutsa ngalawa zonyamula Uthenga, mankhwala ndi maphunziro.

Zipatso ndi matsiriziro

Ntchito yawo inayenda motere. Sitima inaima pa mudzi, amalinyero natema nkhuni za moto wake, Bambo Johnson natsika kukayesa ana a sukulu, kumva milandu ya Akhristu, kubatiza ndi kupereka Mgonero. M'mawa mwake nangula anakwezedwa, ulendo wa ku mudzi wina. Ntchito ya tsiku ndi tsiku inatsala m'manja mwa aphunzitsi ndi ansembe akuda, monga Augustine Ambali wa ku Msumba ndi Yohana Abdallah wa ku Unangu. Ndipo ku Chia komwe kuja, kumene Bambo Janson anamwalira osalalikira ndi mwezi womwe, kunachokera Leonard Kamungu, amene anadzozedwa unsembe mu 1909, natumikira ku Nkhotakota ndi kuno ku Lungwena, nakafera ku Msoro m'dziko la Zambia mu 1913. Pa Likoma, pamalo otchedwa Chipyela pamene kale anali kutentherapo anthu onenezedwa ufiti, panamangidwa tchalitchi chachikulu cha Petro Woyera kuyambira mu 1903.

Tisawayese mngelo. Anzawo a mu Mishoni anawadziwa ngati munthu woumirira pa maganizo ake, wovuta kugwira naye ntchito, wouma pa iye mwini ndi pa ena omwe. Masautso sanachotse zofooka zimenezi. Koma ichi chitilimbitsa mtima, pakuti chitionetsa kuti Mulungu sayembekeza kuti munthu ayambe wakhala wangwiro asanamgwiritse ntchito. Anakhala moyo wosauka, nadya zimene anthu a m'midzi anadya, ndipo sanaope kutsutsa akulu a maboma a Azungu pamene anaona anthu akusautsidwa.

Atakalamba anakakhala kumpoto, ku Manda, m'dziko limene lero ndi Tanzania, akuphunzirabe zinenero zatsopano ndi kutembenuza mabuku. Analembanso mabuku awiri a Chingerezi onena za nyanja ndi za moyo wawo, amene anatuluka mu 1922 ndi mu 1924. Anamwalira ku Liuli pa 11 Okutobala 1928, ali ndi zaka 74, atatumikira mu Africa zaka 52, ndipo anaikidwa komweko m'mbali mwa nyanja.

Phunziro lathu

Tsono, abale, titengepo chiyani? Choyamba, chikhulupiriro si chithumwa chotchinga masautso. Bambo Johnson anasiya chuma cha ku India chifukwa cha Khristu, komabe njala, maliro, khungu ndi manyazi sizinawalambalale. Wina akakuuzani kuti Mkhristu weniweni sadwala ndipo saferedwa, mkumbutseni za manda a ku Chia ndi a ku Nkhotakota. Mkumbutseninso za Yobu, ndi za Paulo amene anapempha katatu kuti chomsautsa m'thupi chichoke, koma anapatsidwa chisomo cha kupirira nacho. Walira mvula walira matope. Wofuna kutsata Ambuye wa mtanda asadabwe poona mtanda.

Chachiwiri, sautso likafika tisataye mphamvu zathu pofuna munthu woti timnenere. Midzi yambiri yapasuka, ndi nkhalamba zambiri zapirikitsidwa, chifukwa cha imfa imene inadza ndi malungo kapena ndi mwera. Chimene tingathe kuchipewa tichipewe: tipite kuchipatala msanga, tigone m'masikito, tisapalase nyanja itakwiya. Koma chimene sichipeweka tichipereke kwa Mulungu, osachisenzetsa mnansi wathu.

Chachitatu, kuyamika sindiko kunena kuti chopweteka sichipweteka. Kulira maliro si tchimo. Ambuye mwini analira pa manda a bwenzi lake. Kuyamika ndiko kupukuta misozi, kuyang'ana chimene chatsala m'dzanja, ndi kuchigwiritsa ntchito. Kwa Bambo Johnson chinatsala ndi theka la diso. Kwa mayi wamasiye atsala ana ofuna kuleredwa. Kwa msodzi amene ukonde wake wapita atsala manja ndi anzake a pa dooko. Kwa gogo amene sathanso kulima patsala pakamwa pophunzitsa adzukulu ndi kupempherera mudzi.

Chifukwa chake tipempha kuti pa tsiku la chikumbutso chawo, m'mudzi uliwonse Akhristu asonkhane, ndipo yense atchule pamaso pa Mulungu chinthu chimodzi chimene chinamtsalira m'chaka cha masautso ake, nayamike. Potuluka m'tchalitchi, tisapite kwathu tisanalowe m'nyumba ya wakhungu, ya wodwala kapena ya wamasiye, titanyamula kaufa, kansomba kapena mtolo wa nkhuni. Dotolo Laws anatsuka zilonda za mlendo wa mpingo wina ku Cape Maclear, osadziwa kuti manja amenewo adzalemba Baibulo. Ifenso sitiyenera kupeputsa munthu wosautsidwa amene Mulungu wamuika pakhomo pathu. Ambuye amene anagwira dzanja la mtumiki wake mumdima, agwirenso manja athu kufikira tidzaoloke tonse tsidya lija.